Tochi siichiza chiseyeye, musagulitse mbuzi chifukwa cha vidiyo ya pa WhatsApp

Amayi ndi abambo amene mumatsata tsamba lino, lero ndilemba zambiri ndipo ndikulemba nditakwiya. Amene bandulo yatsala pang'ono, sungani uthengawu mudzawerenge madzulo ana akagona.

Lachiwiri lapitali mayi wina anandilembera ku inbox. Amayi ake, agogo a zaka za m'ma 60, anachitidwa opaleshoni ya nkhama milungu itatu yapitayo. Madokotala a mano anatsegula nkhama, anapala zonyansa zimene zinakanirira ku mizu ya mano, kenako anasoka. Ulusi anachotsa, koma agogo akamatsuka m'kamwa akuonabe timagazi, ndipo mano awiri akutsogolo akugwederabe. Ndiye achimwene ake a mayiyu, omwe amagwira ntchito ku Johannesburg, anaponya vidiyo pa gulu la banja la pa WhatsApp. M'vidiyomo dokotala wovala magalasi akuda akuthira mankhwala abuluu m'nkhama za munthu, kenako akuunikapo kuwala kofiira, mawu apansi akuti tizilombo tonse tafa m'mphindi imodzi, popanda ululu, popanda mapiritsi. Sipanapite masiku awiri, kunapezeka munthu m'tauni amene akuti ali ndi "kamakina komweko", kooneka ngati cholembera, pamodzi ndi kabotolo ka madzi abuluu. Banja linakhala pansi n'kugwirizana zogulitsa mbuzi ziwiri. Tsiku lobwerera kuchipatala limene linalembedwa m'kabuku ka agogo anati alisiye kaye, ndalama ya thiransipoti iwonjezere pa makinawo.

Funso la mayiyu linali lalifupi: "A nesi, tigule?"

Ndinayankha kuti ayi. Koma ayi wopanda chifukwa sakhalitsa m'banja limene achimwene a kunja alankhula kale, ndiye ndifotokoze pano kuti nonse mumve.

Choyamba ndinene chilungamo, chifukwa sindifuna wina adzati a nesi amatsutsa zilizonse zatsopano. Vidiyo ija si yabodza. Chithandizocho chilipodi, dzina lake pa Chingerezi ndi antimicrobial photodynamic therapy, mwachidule aPDT. Si chatsopanonso monga ogulitsa amanenera. M'chaka cha 1900 ku Munich, m'dziko la Germany, wophunzira za udokotala dzina lake Oscar Raab anafalitsa zimene anaona: tizilombo ta m'madzi totchedwa paramecium tikaikidwa mu utoto wa acridine tinkafa msanga pakakhala kuwala, pomwe mumdima tinkapirira. Utoto wabuluu umene mukuuona m'vidiyomo nthawi zambiri umakhala methylene blue kapena toluidine blue. Methylene blue ameneyu ndi nkhalakale, Paul Ehrlich anamuyesa pa odwala malungo ku Berlin mu 1891, agogo a agogo athu asanamve n'komwe za LA.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere. Pamafunika zinthu zitatu zikumane malo amodzi: utoto, kuwala ndi mpweya wa okosijeni. Dokotala amathira utotowo m'kampata ka pakati pa dzino ndi nkhama, amadikira kuti umatirire pa mabakiteriya, amatsuka wotsalawo, kenako amalowetsa kansonga kopyapyala kotulutsa kuwala kofiira m'kati mwa kampatako kwa pafupifupi mphindi imodzi. Kuwalako si kuwala wamba. Kuli ndi muyeso wake, cha m'ma 660 nanometre, umene utoto wabuluuwo umatha kuyamwa. Utoto ukayamwa kuwala umapatsira mphamvuyo kwa okosijeni amene ali pomwepo, okosijeniyo amasanduka waukali n'kuwononga mabakiteriya amene wawakhudza. Mu labotale zimagwiradi ntchito bwino kwambiri.

M'kamwa mwa agogo si mu labotale.

Chiseyeye chimayamba ndi zoterera zoyera zija mumazipeza mukakanda dzino ndi chikhadabo m'mawa. Anthu amaganiza kuti ndi nsima yotsalira. Ndi mudzi wa mabakiteriya omwe amanga nyumba zawo zomata pa dzino. Zikakhala osachotsedwa zimauma n'kusanduka timiyala tachikasu kapena takuda m'mphepete mwa nkhama, ndipo zikafika pamenepo mswachi sungazichotse. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi munthu akaluma chimanga chootcha kapena nzimbe. Pa msinkhu umenewu matendawa amatha kutheratu. Akalekereredwa, nkhama imayamba kulekana ndi dzino, pamapangika kathumba, ndipo fupa logwira muzu wa dzino limayamba kudyeka pang'onopang'ono, nthawi zambiri popanda ululu. Ku chipinda cha mano amayeza kathumbako ndi kachitsulo kokhala ndi timizere. Mpaka mamilimita 3 ndi bwino. Kuyambira 4 ndiye kuti vuto lilipo. Kakafika 6 kapena kupitirira, n'kukhalabe choncho atapala kale, m'pamene amaganiza za opaleshoni kuti aone muzu ndi maso n'kuupala bwinobwino. Dzino limagwedera ngati nsanamira ya khola imene dothi lake lakokoloka ndi mvula. Nsanamirayo ikhoza kukhala yolimba, yopanda chiswe, koma ilibe pogwira. Bungwe la World Health Organization mu lipoti lake la 2022 linati chiseyeye chofika poipa chotere chili ndi anthu oposa 1 biliyoni pa dziko lonse, pafupifupi akuluakulu 19 pa 100 aliwonse. Si matenda a anthu auve kapena olodzedwa, ndipo m'mano mulibe nyongolotsi.

Tsono amayi, inu mumaphika tsiku lililonse. Mphika umene munaphikira nsima dzulo, nkhoko zauma zakanirira pansi, kodi mungauyeretse pouyanika padzuwa? Dzuwa lipha tizilombo tina pamwamba, inde. Nkhoko zikhalabe pomwepo mpaka mutatenga chopalira. Timiyala ta pa muzu wa dzino n'chimodzimodzi. Utoto sulowa mpaka pansi pa chikhakha chokhuthala, magazi ndi mafinya zimatchinga kuwala, ndipo m'thumba lakuya okosijeni amakhala wochepa, chonsecho ndiye amene amagwira ntchito yakupha. N'chifukwa chake ngakhale madokotala amene ali ndi makina enieni sayamba ndi kuwala. Amayamba apala kaye, kuwala kumabwera pambuyo ngati chowonjezera. Vidiyo ya achimwene inadula mbali imeneyo chifukwa kupala mano sikokongola pa foni.

Ndipo chowonjezeracho chimawonjezera zingati? Apa m'pamene pandikwiyitsa kwambiri. Mu 2020 bungwe la akatswiri a matenda a nkhama ku Ulaya, European Federation of Periodontology, linatulutsa malangizo a kachizidwe ka chiseyeye atasanthula kafukufuku amene analipo. Pa nkhani ya aPDT anapeza kuti phindu lowonjezera pamwamba pa kupala ndi laling'ono kapena losaoneka n'komwe, zotsatira za kafukufuku sizinkagwirizana, pomwe mtengo kwa wodwala ukukwera. Malangizo awo anali oti asamaigwiritse ntchito ngati chowonjezera pa kupala, ndipo ananenanso chimodzimodzi pa chisamaliro cha munthu amene wamaliza kale chithandizo, monga agogo athuwa. Amenewa ndi anthu okhala kumene makinawo amapangidwa, magetsi sathimathima, odwala ambiri ali ndi inshuwalansi. Iwowo akuti phindu lake silinatsimikizike. Ife tigulitse mbuzi?

M'malangizo omwewo muli zinthu ziwiri zimene palibe amene amazijambula vidiyo. Anati munthu amene sakutha kusamala m'kamwa mwake asachitidwe opaleshoni ya nkhama, chifukwa mabakiteriya amabwerera ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Anatinso amene wachira azibwerera kukaonedwa ndi kupalidwa, motalikana miyezi 3 mpaka 12 malinga ndi mmene alili. Ndiye onani zimene banja lija linkafuna kuchita: kutaya tsiku lobwerera kuchipatala, lomwe ndi mbali ya chithandizo chenicheni, kuti ligule chinthu chimene akatswiri sanachivomereze ngakhale chili chenicheni.

Nanga kamakina ka munthu wa m'tauni uja n'kenikeni? Ndinapempha chithunzi. Kanalibe kansonga kolowa m'thumba la nkhama, kanalibe pepala lonena muyeso wa kuwala kwake, kabotolo kanalibe dzina la mankhwala kapena tsiku lothera ntchito. Tinyali tabuluu tovala m'kamwa timene timatsatsidwa pa intaneti kuti timayeretsa mano ndi nkhani inanso, sitikhudzana ndi chiseyeye. Ngati kanthuko ndi laser weniweni ndiye koopsa kwambiri kukasunga m'nyumba ya ana, chifukwa laser akalunjika m'diso amatha kuwononga diso mpaka kalekale. Mukuganiza kuti dokotala wa m'vidiyo uja anavala magalasi akuda pofuna kutchena? Madzi abuluu osadziwika ndiye musayerekeze kuwathira pa bala limene langosokedwa kumene. Methylene blue amagulitsidwanso wa mu labotale ndi wothira m'madzi a nsomba zoweta m'magalasi, ndipo ameneyo sanapangidwire m'kamwa mwa munthu. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wogwira m'kamwa mwanu amayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Muli ndi ufulu wofunsa. Amene akwiye mutamufunsa chiphaso, mwamudziwa.

Ndikudziwanso mmene ife Amalawi timaganizira mwachangu. Pali wina amene akuwerenga pano akuti, "Ndiye GV uja timapaka ana zilonda za m'kamwa, ndikapaka agogo n'kuunika ndi tochi ya foni?" Ayi mayi. GV ndi utoto wina, tochi ya foni ndi kuwala kwina, ndipo chimene mungapindule ndi agogo a milomo yapepo basi.

Ena munditsutsa, ndipo mfundo yanu ndikuidziwa: mabakiteriya masiku ano akupima mankhwala, ndiye njira yopha tizilombo popanda maantibayotiki si ndiyo tikuifuna? Pamenepo ndikugwirizana nanu. N'chifukwa chake akatswiri sanaitaye njirayi ndipo akuifufuzabe, poti okosijeni waukali uja amawononga bakiteriya malo ambiri nthawi imodzi, moti n'kovuta kuti bakiteriya azolowere. Tsiku lina ikadzatsimikizika ndidzalemba pompano kuti zinthu zasintha. Ngati muli ndi ndalama, dokotala wa mano wovomerezeka wakupalani bwinobwino ndipo akuti awonjezere kuwala, atakuuzani poyera kuti phindu lake ndi losatsimikizika, zimenezo ndi zanu, sindikuletsani. Chimene ndikukana n'choti banja lolima ekala imodzi liuzidwe kuti kuwala ndi mankhwala a chiseyeye. Ndipo ngati nkhani ya kupima kwa mankhwala ikukukhudzanidi, yambani ndi kusiya kugula makapisozi a amoxicillin awiriawiri pa msika dzino likawawa, kusiya kumwa Flagyl wotsala wa apongozi, ndi kusiya kutsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pa nkhama. Aspirin woika pa nkhama ndiye amaotcha, ndaona zilonda zoyera zimene amasiya.

Zimene zimapulumutsa mano pambuyo pa opaleshoni n'zosasangalatsa kumva chifukwa n'zotchipa. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musagwiregwire bala ndi lilime kapena chala, kuti magazi amene aundana pabalapo asachoke. Magazi akamatuluka lumani kansalu koyera kopindapinda kwa mphindi 20 mpaka 30 osatsegula kuti muone. Idyani zofewa ndi zosatentha: phala lozizirirapo, nthochi, mbatata yophwanya, mazira. Chimanga chokazinga, nzimbe ndi usipa wouma zidikire. Ululu, Panado. Kuyambira tsiku lachiwiri mukhoza kuvumata madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere pa kapu, pang'onopang'ono, mukatha kudya. Akakupatsani chlorhexidine wochukuchira, gwiritsani ntchito masiku okhawo amene anena, kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri. Amadetsa mano ndi lilime, musadabwe, ndipo musameze. Mano ena onse amene sanakhudzidwe pitirizani kutsuka. Pamalo osokedwapo dikirani dokotala akuuzeni tsiku loyambira, ndipo mukayamba yambani ndi mswachi wofewa.

Bala likapola ntchito ndiye yayamba. Kutsuka kawiri pa tsiku, makamaka usiku musanagone, mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mswachi utapendekera pamene dzino lakumana ndi nkhama. Pakati pa mano pamafunika kaulusi kapena timiswachi ting'onoting'ono tolowa m'mipata, funsani ku chipinda cha mano akusonyezeni. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, chonsecho magaziwo akutuluka chifukwa pamalopo pali zonyansa. Mukasiya ndiye mwawapatsa munda mabakiteriya. Makala, phulusa ndi mchenga zimapala dzino lenilenilo, sizichotsa za pansi pa nkhama. Amene mswachi wa m'sitolo wakusowani, kamtengo kotafuna kosanduka ngati mswachi kaposa kungokhala, bola kakhale kofewa kunsonga ndipo kafike ndi mano a kumbuyo omwe.

Pali zinthu zina zimene zimalepheretsa nkhama kupola ngakhale mutatsuka bwanji. Fodya ndi woyamba, wosuta ngakhalenso uja agogo ena amaika kunsi kwa mlomo mobisa. Abambo osuta amanyada kuti nkhama zawo sizituluka magazi, osadziwa kuti fodya amafinya timitsempha n'kubisa chizindikiro, fupa likutha pansi. Wachiwiri ndi shuga. Shuga wokwera amakulitsa chiseyeye ndi kuchedwetsa mabala, chiseyeye nachonso chimavutitsa kutsitsa shuga. Munthu wamkulu amene nkhama zake zikungochita mafinya osapola ayezetse shuga. Amene muli pa ma ARV musadumphitse, chifukwa chitetezo chikatsika nkhama zimatha kudyeka mofulumira ndi ululu woopsa. Amayi oyembekezera, nkhama kutupa ndi kutuluka magazi n'zofala chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, koma mwana satenga dzino la mayi ake monga timauzirana kuchitsime. Tsukani ndipo nenani ku sikelo.

Zizindikiro izi zikaoneka musandilembere ine, musadikire kuti kuche: kutupa kumene kukufalikira ku diso kapena kunsi kwa chibwano ndi khosi, kulephera kumeza, kulephera kuyasamula, kupuma movutikira, kutentha thupi, kapena magazi osasiya mutaluma nsalu kawiri. Kutupa kwa kunsi kwa chibwano kumatha kutseka njira ya mpweya. Thamangani kuchipatala.

Ogulitsa tochi sanagwe kumwamba. Amapeza msika chifukwa thandizo la mano lili kutali ndi anthu akumudzi. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Zisanatero ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. M'zipatala za m'maboma ntchito yambiri ili m'manja mwa ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mzere wawo mumaudziwa kutalika kwake. Ambiri timafikako dzino litagwedera kale, kotsala kuzula. Ifenso anamwino tisadzichotsemo. Mayi amabwera ku sikelo kangapo pa mimba imodzi, timamuyeza BP, magazi, mimba, miyendo, koma ndi kangati timati "tayasamulani"? Ine ndemwe zaka zanga zoyamba pa ntchito sindinkachita. Pamene ife takhala chete m'pamene wa kabotolo kabuluu amalankhula.

Abale athu amene muli kunja, ndikudziwa kuti mumatumiza mavidiyowa chifukwa cha chikondi, mtima umawawa mayi akudwala iwe uli kutali. Koma mawu anu kumudzi amalemera kuposa a dokotala, chifukwa ndinu amene mumatumiza ndalama. Musanaponye vidiyo pa gulu la banja, dziwani kuti wina akhoza kudzuka m'mawa kukamasula mbuzi.

Mayi uja ndinamuuza kuti timagazi tochepa patatha milungu itatu si umboni woti opaleshoni yalephera, ndipo mano amatha kugwedera kwambiriko masabata oyamba kenako n'kukhazikika pang'ono. Ngati fupa linatha kwambiri mwina sadzalimba ngati kale, ndipo woti anene zimenezo ndi amene adzayeze ndi kachitsulo kaja, osati ine pa foni, osatinso wa tochi. Tinalankhulana ndi achimwene ake pa foni usiku womwewo. Poyamba sanasangalale nane, koma anavomera kutumiza ndalama ya thiransipoti ya anthu awiri, mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano. Mbuzi zili m'khola. Agogo akupita kuchipatala Lachinayi monga kabuku kanenera, ndipo ndawauza kuti asabwerere osayezetsa shuga, chifukwa mayiyu potsanzikana anangotchula modutsa kuti agogo amadzuka kanayi usiku kukataya madzi ndipo ludzu siliwathera.